PA BENCHI: Ufulu ndi ulere si mapasa ayi

Abale anga a pamsika, sabata ino tatulutsani kabuku ka kuchipatala kaja. Ena mumakasunga m'jumbo pansi pa matiresi, ena m'chikwama chomwecho chimene mumaikamo ndalama za tomato. Ngati munakagonako ku Central kapena munakaimako pamzere pa Bwaila apa, mwina pachikuto pake anakumatiranipo kasitika koyera kokhala ndi dzina lanu, nambala, ndi timizere takuda tothinana ngati mano a chipeso. Kalaliki amangokawalitsa ndi kamakina, kamvekere "tii", basi dzina lanu latuluka pa kompyuta, za mudzi ndi mfumu osafunsanso kachiwiri. Kasitika kameneko simunalipire. Nde funso langa n'lakuti: anthu amene anapanga nzeru imeneyo, ndi amene amaisamala kuti isafe, amadya chiyani?

Musathamangire kutsamba la mpira, achimwene. Ndikudziwa kuti ena mukangomva liwu loti kompyuta tulo timakugwirani ngati muli pa ulaliki wa masana mwezi wa October. Koma nkhani iyi ndi ya mpamba, ya basela, ya kasitomala mmodzi amene akatembenuka banja lonse limagona ndi njala. Zimenezi inu mumazidziwa kuposa mabwana a mataye a ku Capital Hill.

Nzeru ya kasitika inabadwira mu Lilongwe momwe muno. Chaka cha 2001, pamene chipatala cha Kamuzu Central tinkachitcha Lilongwe Central, paja nthawi imeneyo dzina la Ngwazi tinkalifufuta paliponse pamene talipeza, katswiri wina wa makompyuta, a Gerry Douglas, ndi anzawo a bungwe la Baobab Health anayamba kulemba odwala pa makina. Ndalama zogulira makompyuta apamwamba analibe. Anakatola timakompyuta ting'onoting'ono totchedwa I-Opener, timene kampani ina ya ku America inali italephera nato malonda. Kaunjika weniweni, amayi. Anatitsegula m'mimba, n'kutiika galasi loti namwino azingodina ndi chala, chifukwa namwino amene mzere wake wafika panja alibe nthawi yosakasaka zilembo ngati taipisiti wa kwa DC. Za magetsi athu ozimazima anaziganiziranso: anaika mabatire akuluakulu oti makina azigwirabe ntchito kunja kuli bii.

Mankhwala a ARV atayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, mapepala anayamba kuwakwirira madokotala. Munthu wa ARV sabwera kamodzi ngati wa malungo, wake ndi ulendo wa moyo wonse. Pamafunika kudziwa kuti analandira mabotolo angati, abwerenso liti, sikelo ikukwera kapena ikutsika, ndani wangosowa osaonekanso. Mu 2006 a Baobab anaika pulogalamu yochita zimenezi ku Queens ku Blantyre, kenako inafika ku Lighthouse ndi ku Martin Preuss Centre ya pa Bwaila, pamtunda woyenda wapansi kuchokera pamsika pano. M'kupita kwa zaka inafalikira m'zipatala zambirimbiri, kumpoto akuthandizana ndi bungwe la Luke International la ku Mzuzu. Ambiri amene ankailemba anali ana a kuno konkuno, otuluka m'makoleji athu omwewa. Mmodzi wa iwo, a Soyapi Mumba, anakaimirira pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2017 kufotokozera dziko lonse za ntchito imeneyi.

Tsono chimene chinali chachilendo ndi ichi. Pulogalamu iliyonse ya kompyuta ili ndi kaphikidwe kake, mizere ya malangizo imene eni ntchitoyo amati khodi. Makampani ambiri khodi amaitsekera m'sefa. Amakugulitsa chophikaphika, koma ukafunsa kuti mwathiramo chiyani amakuonetsa loya. Ndi mmene amachitira a Coca-Cola: botolo gula, za kaphikidwe usafunse. A Baobab anatsata njira ya thobwa. Kaphikidwe ka thobwa kali poyera: ufa, chimera, madzi, moto ndi kuleza mtima. Aliyense angaphunzire kwa azakhali ake, angawonjezere shuga, angachepetse, angaphunzitsenso mnzake. Khodi yawo anaiika pa intaneti, pamalo otchedwa GitHub, kuti wofuna aione, aikopere, aikonze. Zoterezi pa Chingerezi amati open source.

Mwambo umenewu unayamba ndi mkwiyo. Cha m'ma 1980 mkulu wina wa pa sukulu ya MIT ku America, a Richard Stallman, anatopa ndi makina osindikizira amene ankangotafuna mapepala. Luso lokonza anali nalo, koma khodi ya makinawo anawakaniza. Taganizani, mwagula njinga ndi ndalama zanu, koma wogulitsa wakulumbiritsani kuti tcheni chikaduka musakhudze, mudikire iyeyo. Mu 1983 bambowa analengeza ntchito yolemba mapulogalamu amene aliyense adzakhale ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, kuwaphunzira, kuwasintha ndi kugawira ena. Chiphaso chimene anadzalemba pambuyo pake, cha GPL, chili ndi lamulo limodzi lolimba: walandira poyera, pogawira mnzako usakabise. Mu 1991 mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, anawonjezerapo chake chotchedwa Linux. Linux ameneyo ndi amene ali pansi pa Android, ndiye kuti ali m'thumba mwanumo, mu itel kapena Tecno imene mumalandirira Airtel Money ndi Mpamba. Mwakhala mukumwa thobwa la mwana wa ku Finland osadziwa.

Koma Chingerezi apa n'chosauka. Chili ndi liwu limodzi, free, loimira zinthu ziwiri, mpaka a Stallman akhala zaka zonsezi akufotokoza kuti iwo amanena za ufulu osati za mtengo. Ife a Chichewa tinapatsidwa mawu awiri, ufulu ndi ulere, koma timawasokonezabe. Mukukumbukira 1993, titavotera nyali pa riferendamu ya pa 14 June? Ena anamva ngati tavotera ulere. Chaka chotsatira sukulu za pulayimale zinakhaladi zaulere, ana n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ine sinditsutsa. Koma choko, mabuku ndi malipiro a aphunzitsi sizinakhale zaulere, ndipo ana ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo ya mango. Pulogalamu ya open source ili chimodzimodzi. Kuikopera n'kwaulere, kuisamala ayi.

Ndisanafike pa minga yake, ndinene kaye chifukwa chake ine ndili mbali ya khodi yotsegula. Dziko ngati lathu, limene ndalama zakunja timachita kuzisaka ndi tochi, silingakwanitse kulipira chiphaso cha pulogalamu m'madola chaka ndi chaka pa kompyuta iliyonse ya m'chipatala. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene mumaoda katundu ku Dar ndi ku Joni simunaiwale. Aliyense amene anali ndi pulogalamu yolipira m'madola, tsiku limenelo bilu yake inakwera iye ali mtulo. Ndiponso pulogalamu yotseka ili ngati mbewu ya haibulidi: imabereka bwino ndithu, koma chaka chamawa ubwererenso kusitolo yomweyo, pa mtengo umene mwini sitolo wafuna. Yotsegula ili ngati chimanga cha makolo, umasankha chabwino m'nkhokwe n'kuchisunga cha mbewu. Nde palinso mbiri ya matenda a anthu. Yoti uje akumwa mankhwala akuti si nkhani yoti makiyi ake azisungidwa ndi kampani ya kutsidya kwa nyanja.

Tsono tibwere ku ndalama. Wolemba khodi amadya nsima. Ali ndi landilodi ku Area 25 kapena ku Area 49, ali ndi ana ofuna fizi. Galimoto yopita kukakonza makina ku Mitundu kapena ku Kabudula imamwa mafuta. Mabatire amatha mphamvu, mpukutu wa masitika umatha, mphenzi imaotcha mawaya. Odwala salipira, ndipo n'zoyenera kuti asalipire. Unduna wa Zaumoyo, mwini wake wa zipatalazo, thumba lake mukulidziwa. Choncho ndalama zambiri za ntchitoyi zinkachokera ku boma la America, kudzera ku CDC ndi thumba la PEPFAR limene a George W. Bush anakhazikitsa mu 2003.

Apa nde pamene wamalonda aliyense agwedeze mutu. Tonse timawadziwa mayi amene anapeza oda yoperekera nyemba kusukulu yogonera konko. Chaka choyamba amaseka, chachiwiri amagula malata, timakasitomala ta pabenchi togula kambale kamodzi amatiyang'ana ndi diso la kumbali. Tsiku limene ahedi asintha, oda n'kupita kwa wina, mayi aja amabwerera pabenchi n'kupeza kuti makasitomala awo anazolowera kwina. Mu 2019 ndalama za CDC zoyendetsera makina a m'zipatala zinapita ku bungwe lina, la Elizabeth Glaser Pediatric AIDS Foundation, limene likulu lake lili ku Washington. Bungwe la kuno, limene linayamba ntchitoyi pa timakompyuta ta kaunjika n'kuilera zaka 18, linatsala lopanda kasitomala wake wamkulu.

Makina sanazime, chimenecho tivomereze. Popeza khodi inali poyera, olowa kumene anaitola pamene inali n'kupitiriza. Panalibe zokagwada kwa mwini kupempha makiyi kapena kuyambiranso pa ziro. Ufulu uja unagwira ntchito yake, unateteza wodwala. Koma ufulu womwewo sunateteze wophika. Ukagawa kaphikidwe kako kwa mudzi wonse, usadabwe mwini phwando akaitana wina kudzaphika. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu, koma sanatiuze ngati landilodi adzadikire mpaka tsiku lokatenga zimene unaikazo.

Kenako kunabwera January 2025. Pa 20, tsiku lomwe analumbira, a Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America kumaiko akunja kwa masiku 90. Makalata olamula kuti ntchito iime anafika m'maofesi a mabungwe mumzinda muno. Patapita masiku anati mankhwala opulumutsa moyo apitirire, koma mantha anali atalowa kale, ndipo pofika July bungwe la USAID linali litatsekedwa. Dziko lino lili ndi anthu oposa 900,000 amene amamwa ma ARV, ndipo ndalama za ntchito ya Edzi pafupifupi zonse zakhala zikuchokera kunja. Zikatere aliyense amafunsa za mabotolo a mankhwala, n'zomveka. Palibe amene amanyamula chikwangwani kuguba mumsewu chifukwa cha batire kapena malipiro a mnyamata wa khodi. Komatu makinawo ndi amene amawerenga kuti chipatala chakuti chili ndi odwala angati, kuti mabotolo atumizidwe okwanira. Amati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Lathuli khasu ndi lathu ndithu, chobwereka ndi mkono wolimira.

Zimenezi si zachilendo kwa ife, tinaziona kale pa mjigo. Ambiri simudziwa kuti pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri m'midzi mwathu ndi m'maiko ena a mu Africa, inayambira kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ikutchedwa Maldev, ndipo inayesedwa ku chigwa cha Livulezi ku Ntcheu. Mapulani ake alibe mwini wowatsekera. Fakitale iliyonse, kaya ya ku India kaya ya ku Africa kuno, ingathe kupanga potsata muyeso womwewo. Anaipanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuitsegula ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kokowera, n'kusintha timalabala tamkati okha. Open source ya chitsulo imeneyo, dzinalo lisanabadwe n'komwe. Nanga bwanji mijigo yambiri ili chiimire, mbuzi zikugona pa simenti? Kalabala kotsika mtengo katha. Komiti ya mjigo sinatolere ndalama, kapena asungichuma anazibwereka pa maliro. Makaniko wa m'dera akufuna yake ya sopo. Bungwe limene linakumba linapita kalekale, pangotsala chikwangwani. Mijigo imene imakhalitsa ndi ya midzi imene khomo lililonse limasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi madzi akutuluka bwinobwino, osadikira kuti pampu ife kaye.

Musaganize kuti ndi matenda a amphawi okha. Mu April 2014 dziko lonse linanjenjemera atapeza bowo mu pulogalamu yotchedwa OpenSSL, loko amene amateteza manambala achinsinsi a anthu pa intaneti, m'mabanki ndi m'makampani akuluakulu. Atafunsa kuti kodi amasamala lokoyu ndani, anapeza kuti zopereka zimene ankalandira zinali pafupifupi madola 2,000 pachaka, ndipo wogwira ntchitoyo tsiku lonse anali munthu mmodzi. Makampani a mabiliyoni ankangomwa thobwa osasiya ngakhale ya chimera. Mu March 2024 zinachitikanso mwa mtundu wina. Kapulogalamu kotchedwa xz, kopezeka m'makompyuta a Linux ochuluka zedi, kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wongodzipereka, wotopa. Kunabwera womuthandiza, waulemu, wakhama, n'kukhala zaka zoposa ziwiri akugwira ganyu yaulere mpaka anapatsidwa makiyi. Atawalandira anabisamo khomo lakuseri lolowera akuba. Chiwembucho chinaululika mwamwayi, injiniya wina, a Andres Freund, atadabwa kuti kompyuta yawo ikuchedwa ndi theka la sekondi. Theka la sekondi, abale! Mlonda wosalipidwa tulo timam'gwira, ndipo amalandira ndi manja awiri aliyense wobwera n'kunena kuti pumulani achimwene, ndikulonderani.

Nanga amene zinawayendera anatani? Kampani ya Red Hat ku America inatenga Linux waulere uja n'kumagulitsa chinthu china: tulo tabwino. Banki kapena kampani ya ndege imalipira chaka ndi chaka kuti zikavuta pakati pa usiku pakhale woyankha foni, zigamba zizibwera pa nthawi yake, pakhale womuloza chala. Mu 2019 IBM inagula Red Hat pa madola 34 biliyoni. Mnyamata wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, mu 2004 anatulutsa Linux wake n'kumutcha Ubuntu, umunthu womwewu timanena kunowu, ndipo kwa zaka zingapo ankatumiza ma CD ake pa positi kwaulere kwa aliyense wopempha. Koma iyeyu anali atagulitsa kale kampani yake ina pa madola oposa 500 miliyoni. Umunthu umaphweka thumba likakhala lolemera. Kampani yake ya Canonical nayo imadyera pa kusamalira makasitomala akuluakulu. Ena amachita ngati basela koma motembenuza: mulu wonse amapereka ulere, kachidutswa kapamwamba kamene makampani amakafuna n'kamene amagulitsa.

Njira ya Red Hat pamsika pano tinayamba kale. Telala sabisa kasokedwe ka diresi, aliyense angalitembenuze n'kuona mmene msoko wayendera. Okhoma zidebe ndi mbaula kuseri kuja amagwira ntchito poyera, mwana woima pambali akuona, ndipo mawa mwanayo akhoma yake. Sanafe ndi njala. Chimene timalipira ndi dzanja lawo, nthawi yawo, ndi kudziwa kuti chikadzang'ambika tidzawapeza pomwepo.

Minga yake nayi. Tiyerekeze mayi wa thobwa waphunzitsa msika wonse, ndiye kwabwera mkulu wa lole ndi mafiriji, watenga kaphikidwe komweko, waika m'mabotolo okongola, wayala pageti penipeni, mayi uja osam'patsa ngakhale moni. Ndi zimene a kampani ya Elastic anadandaula pa Amazon, kuti chimphonacho chikugulitsa pulogalamu yawo kwa makasitomala ake osabweza zokwanira. Mu 2021 Elastic inakwiya n'kusintha chiphaso, kutseka chitseko theka. Amazon inangotenga khodi yakale, imene inali kale poyera, n'kupitiriza nayo pa dzina lina, OpenSearch. Mu 2024 Elastic inatsegulanso. A Redis anachita zomwezo mu March 2024, anzawo n'kupatuka ndi khodi yakale pa dzina la Valkey, ndipo mu 2025 nawonso anabwerera. Kutseka utagawa kale kuli ngati kuitanitsa mchere umene unathira m'ndiwo za eni. Abwenzi umataya, mcherewo osaupeza.

Ine kuona kwanga, yankho lili pa mtsinje wa Lilongwe. Mukutidziwa timilatho ta mitengo ta kwa Tsoka, tolumikiza a kaunjika ndi a ndiwo zamasamba tsidya linalo. Mtsinje ulibe mwini. Wofuna kuvula nsapato n'kuwoloka m'madzi palibe angamuletse. Wofuna kukhoma mlatho wake pambali pa wa mnzake amakhoma, n'chifukwa chake kamlatho sikamakhala kamodzi. Koma ukaponda pa matabwa umasiya kenakake, ndipo si mtsinje umene ukulipira. Ukulipira misomali, matabwa, ndi anyamata amene madzi akakokolola nthawi ya dzinja amadzuka m'mamawa kukhomanso. Chapafupi pomwepo pali mlatho waukulu wa simenti, umene umawoloka osatulutsa kobiri. Nawonso si waulere. Unalipiridwa kwina, ndi misonkho kapena ndi thandizo la maiko ena, ndipo ukang'aluka palibe amayembekeza kuti oyenda pansi asonkherane.

Makina a m'zipatala za boma ndi mlatho wa simenti. Wodwala asalipire pakhomo, koma ndalama yake ioneke m'bajeti ya boma, mzere wakewake, monga amalembera mafuta a ambulansi. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo. Ife zaka zambiri takhala tikuperewera. Sindikunena kuti tithamangitse otithandiza, ayi, mapewa amenewo tilibe. Ndikunena kuti malipiro a kagulu ka anthu odziwa mkati mwa khodi, ndi ndalama za mabatire ndi masitika, zisamadalire kuti ku America avotera ndani. Poyerekeza ndi ma Prado ndi maalawansi a misonkhano ya kunyanja ku Salima ndi ku Mangochi, imeneyo ndi tchenje chabe.

Chitsanzo chilipo mu Unduna momwemo. Pulogalamu imene amasonkhanitsira ziwerengero za zipatala zonse, DHIS2, ndi yotsegulanso. Imaphikidwa pa yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo imagwira ntchito m'maiko oposa 70. Yakhalitsa chifukwa mphika wake sunakhale pa fuwa limodzi: boma la Norway, Global Fund, UNICEF ndi ena akhala akuponyapo nkhuni, ndiponso inaphunzitsa magulu a akatswiri m'maiko momwemo, amene amalipidwa pa ntchito yoika, kuphunzitsa ndi kukonza.

Kumbali ya timilatho ta matabwa, msika ulipo. Zipatala za mishoni za CHAM, makiliniki a anthu amene adzaza mu Area 47 ndi Area 18, mafamase, masukulu apulaiveti, ma SACCO, ngakhale mashopu a hadiweya ndi masipeya a mu Malangalanga, onsewa amafuna kaundula wa makasitomala ndi katundu. Mnyamata kapena mtsikana wotuluka ku koleji, kapena wosulidwa m'malo ngati mHub, angatenge khodi yotsegula, aisinthe kuti igwirizane ndi ntchito yanu, aiike m'Chichewa, n'kumalandira kangachepe mwezi ndi mwezi poisamala. Zimene wakonza azibweza poyera kuti mnzake wa ku Mzuzu asayambirenso pa chiyambi. Makasitomala 40 ang'onoang'ono sangakuthawe onse tsiku limodzi.

Koma apa nde ndikhudze inu, abale anga, chifukwa vuto lina ndi ife tomwe. Mwana wa mlongo wanu akakuikirani pulogalamu yowerengera sitoko pa laputopu ya m'shopu, n'kukhala Loweruka lonse akulowetsa mitengo ya maloko ndi mahinjesi, mumam'patsa Fanta ndi ya minibasi. Mukangomva kuti pulogalamuyo anaitenga ulere pa intaneti, basi mumati Mulungu ndiye adzam'lipire. Miyezi itatu ikatha zinthu zasokonekera, mukumuimbira foni sakuyankha, mukuti ana a masiku ano ndi amwano. Inuyo munthu atakutengerani dengu la tomato ulere, eti chifukwa mbewu yake munapatsidwa ndi mnansi, mungamve bwanji? Ena nanu mumakonda Windows wakuba wa kwa anyamata okopera nyimbo, wodzaza ndi mavairasi, mumvekere bola ameneyu ndi orijino. Wakuba nayenso ndi waulere, koma ufulu mulibemo ngakhale pang'ono; tsiku limene wayamba nthabwala, palibe amene angam'tsegule m'mimba.

Nanunso a khodi, lekani manyazi potchula mtengo. Pali kamtima kena pakati panu koti kulipiritsa n'kugulitsa chikhulupiriro, ngati kuti wolemba khodi yotsegula ayenera kuyenda ndi nsapato zoseka kuti tim'khulupirire. Chiphaso cha a Stallman chomwe sichiletsa kugulitsa, chimaletsa kubisa. Lembani pa pepala: kuika ndi zakuti, kuphunzitsa wa pakauntala ndi zakuti, kubwera zikavuta ndi zakuti pamwezi. Ndipo musanavinire oda yaikulu ya bungwe lakunja, werengani kaye kuti ikadzatha mudzatsala ndi makasitomala angati.

Kwa aphungu athu a mumzinda muno, amene ena timangokuonani pamsika nthawi ya kampeni, ndili ndi kafunso koti mukafunse ku Nyumba ya Malamulo nduna ikamadzawerenga bajeti. Makina olembera odwala m'zipatala za boma, akulipira anthu owasamala ndani, ndipo pa ndalama zimenezo zochokera m'thumba la boma la Malawi ndi zingati? Yankho likhale la manambala, za boma likuganizira tinazimva kale. Ine buku la bajetilo ndikalipeza ndidzalisanthula tsamba ndi tsamba, ndipo zimene ndidzapezemo mudzaziwerenga pompano.

Sabata yamawa tikambe za masikelo a m'mabutchala.